Mtambo wa Mileme ku Bracken

Pafupi ndi bwalo la ndege la New Braunfels, ku Texas m'dziko la America, pali nsanja yachitsulo yosenza chimpira choyera. Ndili kunja kwa mpanda sindinaone chilichonse chikugwedezeka, koma m'kati mwa chimpiracho muli mbale yotambalala mamita 8.5 yomwe imazungulira usana ndi usiku. Imeneyi ndi radar ya KEWX, imodzi mwa makina pafupifupi 160 a NEXRAD. Imaponya mafunde a wailesi m'mwamba, n'kutchera khutu ku amene abwerera atagunda madontho a mvula.

Anthu a kuno amaidalira, ndipo m'pake. Chakumadzulo kuli zitunda za Hill Country, zamiyala yokhayokha ndi dothi lochepa, moti mvula ikakhuthuka madzi ambiri amangothamangira m'mitsinje. Pa 4 July 2025 mtsinje wa Guadalupe, womwe umadutsanso m'tauni ino, unakwera pafupifupi mamita 8 m'mphindi 45 zokha ku Kerr County, ndipo anthu oposa 100 anamwalira. Akatswiri a za madzi amatenga zimene radar yaona pa chigwa chonse n'kuziika m'kompyuta kuti adziwe pomwe mtsinje ufike. Komabe sazilandira mwachimbulimbuli. Chifukwa choti dziko ndi lobulungira, mafunde aja akapita kutali amadutsa pamwamba kwambiri, choncho akatswiriwo amayamba azifananiza ndi mvula yomwe yagwera m'zoyezera za pansi.

Dzuwa litapendeka ndinalowera ku phanga la Bracken, lomwe limasamalidwa ndi bungwe la Bat Conservation International. Fungo la zitosi ndi limene limayamba kukulonjera, lobaya m'mphuno, phangalo usanalione n'komwe. Kanjira kamakafika pa chidzenje chachikulu, ndipo pansi pake pali kukamwa kwakuda bii. M'menemo, m'miyezi yotentha, mumakhala mileme yoposa 15 miliyoni, yaikazi, yochokera ku Mexico kudzaswana. Uliwonse umabereka mwana mmodzi cha mu June.

Inayamba kutuluka kusanade. Poyamba pang'onopang'ono, kenako chigulu, ikuzungulira m'dzenjemo ngati kamvuluvulu wa mu October, mapiko ali phaphapha. Akabawi ankaiwakha m'mwamba, njoka zikudikira pa miyala ya pakhomo. Wina amene tinakhala naye pa benchi anandionetsa chithunzi cha KEWX pa foni yake. Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi, koma pa malo a phangalo panali mphete yomwe inkakulirakulira.

Kwa zaka zambiri a zanyengo ankaona mphete zoterezi ngati zosokoneza, n'kumazichotsa kuti zisawerengedwe ngati mvula. Ntchitoyi inaphweka pofika 2013, makina onse atakonzedwa kuti aziponya mafunde chopingasa ndi choimirira, zomwe zimasiyanitsa dontho ndi chinthu cha mapiko. Chimene ine ndimayamikira kwambiri n'chakuti boma silinataye zakalezo. Linazisunga zonse, ndipo aliyense angathe kuzitenga ulere pa intaneti.

Phillip Stepanian ndi Charlotte Wainwright anafukula zimene radar imeneyi inajambula kuyambira 1995 mpaka 2017. Mu 2018 anafalitsa zoti mileme ya ku Bracken ikumafika pafupifupi milungu iwiri msanga kusiyana ndi kale, ndiponso kuti ina yayamba kukhaliratu m'phangamo nyengo yozizira. Palibe munthu amene akanatha kuiwerenga ndi maso kwa zaka 22.

Alimi nkhaniyi imawakhudza. Mileme imeneyi imakwera mpaka mamita 3,000 kukasaka agulugufe a usiku amene amauluka ndi mphepo kuchokera kummwera, ndipo pakati pawo pali amene amaikira mazira a ntchemberezandonda, mbozi zomwe zinafika ku Africa mu 2016 n'kutimalizira chimanga.