Pamene panali kachere wa milandu

Atatsika minibasi pa Mponela n'kukwera kabaza kulowera kumapiri a kwawo, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, mphunzitsi wina wopuma ntchito anapeza kachere wa pabwalo atatsala chitsa. Pansi pa mtengo umenewo, cha m'ma 1974, iye ndi anzake ankabisala kumbuyo kwa amayi kumvetsera milandu.

Muyeso wa mlandu unali ziweto. Kutukwana apongozi, nkhuku. Chigololo, mbuzi. Koma akuluakulu asanatchule chindapusa ankayamba afunsa kaye: anaba usiku kapena masana? Anali ndi njala, kapena ndi dyera chabe?

Mphunzitsiyu amakumbukira mayi wamasiye amene anathyola mondokwa m'munda mwa eni mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zitauma. Nduna inayala zitsononkho zisanu ndi chimodzi pamphasa n'kuziwerenga mokweza. Mfumu inakhala duu, kenaka inagamula kuti mayiyo akagwire ntchito tsiku limodzi m'munda womwewo, ndipo inadzudzula abale ake pomusiya ndi ana osadya. Mnyamata amene anaba mbuzi n'kukagulitsa kumsika, malume ake analipira ziwiri.

Lero muyeso ndi zaka za kundende. Malamulo a dziko amati kuba wamba n'kufika zaka 5, kuba chiweto zaka 14. Wakubayo amakathithikana ndi anzake kundende ya Maula, mwini mbuzi n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Izi zimamuwawa kwambiri mkuluyu.

Sakana kuti nthawi ija inali ndi mdima wake. Dzaleka, pomwe pali othawa nkhondo lero, inali ndende ya anthu osazengedwa mlandu, m'boma lake lomwelo. Makhoti akuluakulu a mafumu ankaweruza milandu yakupha popanda loya, ndipo mu 1983 anagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa anyongedwe. Koma kwa iye amenewo anali makhoti a boma ovala nsalu ya ufumu, osati bwalo la pansi pa kachere.

Mtima wake unakhalako pansi mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, pomwe khoti lalikulu linathetsa lamulo lokakamiza kunyonga aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Pounikanso zilango za akaidi amene anali atagamulidwa kunyongedwa, oweruza anamva mmene munthu anakulira, ngakhalenso maganizo a mafumu a kwawo.

Madzulo a tsiku lomwe anafika kwawo lija anakhala pachitsa chija, akufotokozera adzukulu mbali yomwe mfumu inkakhala ndi pomwe ankamangirira mbuzi.