Kukwera Phiri la Nyika pa Njinga

Kumpoto kwa dziko lathu kuli malo okwera kwambiri otchedwa Nyika. Boma lidapatula malowa m'chaka cha 1965 kuti akhale nkhalango yosungiramo nyama zakutchire, ndipo m'chaka cha 1978 lidafutukula malire ake. Nkhalangoyi ndi yaikulu kuposa zonse m'Malawi, pakuti kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 3,000. Nsonga yake yaitali, ya Nganda, idakwera mamita oposa 2,600.

Munthu wochokera ku Rumphi amadzera ku Bolero mpaka kufika pa chipata cha Thazima. Kuchoka apo, msewu umakwera mokhotakhota mtunda wa makilomita oposa 50 kukafika ku Chelinda, pakati pa nkhalangoyo. Alendo ambiri amapita pa galimoto zamphamvu, koma mnyamata wina wa ku Bolero adakwera msewu umenewu pa njinga yakapalasa.

Bambo a mnyamatayo ankagwira ntchito ku Chelinda, ndipo ankadwala chifuwa cha mphumu. M'mwezi wa Julayi, pamene chisanu chimafika pachimake, kudabwera uthenga wakuti mankhwala awo atsala pang'ono kutha. Galimoto yopita kumeneko padalibe sabata imeneyo. Tsono amalume ake, amene adali mlonda wa nyama pa Thazima, adati, "Mphwanga, konza njinga yako. Mawa tikwera tonse."

Madzulo adamanga mabuleki, nathira mafuta ku tcheni, napopa matayala. Pa kaliyala adamangirira pampu, chubu, botolo la madzi, mbatata zophika ndi majuzi. Mankhwala aja mnyamatayo adawakulunga m'pepala la pulasitiki, nawaika m'thumba la malaya ake.

Adanyamuka m'bandakucha. Poyamba msewu udadutsa m'nkhalango ya miombo ndi masuku. Mnyamatayo adapalasa mwamphamvu, nawasiya amalume ake m'mbuyo. Koma atafika pa chikweza choyamba, miyendo idayamba kulemera, thukuta lili kamukamu. Posakhalitsa amalume adampeza ali chiimire, akupuma wefuwefu.

"Phiri salimbana nalo ngati mdani," adatero amalume. "Pang'onopang'ono ndi mtolo. Palasa mofatsa, usachoke pa chishalo, pakuti ukaimirira tayala lakumbuyo limaterera pa miyala. Uzimwa madzi ludzu lisanakugwire."

Mnyamatayo adamvera. Pa zikweza zazing'ono ankapalasa, koma pa zikuluzikulu ankatsika ndi kukankha njinga. Manja adachita matuza, ndipo fumbi lidamuuma kukhosi.

Dzuwa litakwera pang'ono, amalume adaima mwadzidzidzi, nakweza dzanja. Pakati pa msewu padali ndowe za njovu zikadafuka nthunzi, ndipo nthambi zothyoka zidali mbwee. Njovu zimapezekadi m'munsi mwa nkhalangoyi, ndipo zina 34 zidabwera kuchokera ku Liwonde m'chaka cha 2017. Amalume adatola dothi, naliwaza m'mwamba kuti aone kumene mphepo inkalowera. Adadikira ali chete mpaka phokoso la mitengo lidamveka patali chakuchigwa. Pamenepo mnyamatayo adamvetsa chifukwa chake munthu sayenera kuyenda yekha m'nkhalango yotere.

Masana mitengo idayamba kuchepa, ndipo mphepo yozizira idawomba. Mnyamatayo adadabwa kuona kuti mtima ukugunda kwambiri ngakhale pa chikweza chaching'ono. Amalume adamufotokozera kuti pamalo okwera mpweya umakhala wopepuka, choncho munthu amapuma kawirikawiri kuti thupi lipeze mpweya wokwanira. Kuziziranso kumawonjezeka pamene munthu akukwera, ndiye chifukwa chake ku Nyika madzi amatha kuundana usiku m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Atapalasa maola ambiri, mnyamatayo adagwa mphwayi. Chitunda chilichonse ankachiyesa chomaliza, koma akafika pamwamba ankaona china kutsogolo. Adakhala pansi m'mbali mwa msewu, nati, "Amalume, miyendo yanga yakana. Tengani mankhwalawa, ine nditsala pano."

"Pano sipotsala munthu, mphwanga," adayankha amalume. "Usiku kuno kumayenda afisi ndi akambuku. Idya mbatatayi, uvale juzi. Usayang'ane phiri lonse, uziyang'ana mwala uwo uli apowo. Ukaufika, usankhe wina."

Mnyamatayo adagwira thumba la malaya ake, nakumbukira mmene bambo ake amabanikira chifuwa chikawagwira. Adadzuka, nakweranso njinga.

Potsiriza adatulukira pamwamba. Kumeneko dziko lidatambalala ngati nyanja ya udzu, zitunda zili ndondondo mpaka kumene maso amalekeza. Mbidzi zinkadya msipu pamodzi ndi achilembwe, ndipo patali padaima ntchefu zazikulu. Nyengo ya dzinja malo amenewa amadzala ndi maluwa, pakuti ku Nyika kumamera mitundu yoposa 200 ya maluwa a chinaka.

Pamwambapo padalinso mitsetse. Amalume adamuchenjeza kuti mtsetse umavulaza anthu ambiri kuposa chikweza. Adamuuza kuti azigwira mabuleki onse awiri mofatsa, ndi kumasiyako pang'ono kuti asatenthe, pakuti wogwira buleki yakutsogolo yokha amagwa chamutu.

Dzuwa likulowa, adaona mitengo ya paini ya ku Chelinda ili bii kutsogolo kwawo. Adapeza bambo aja atakhala pafupi ndi moto, atafunda bulangete, akupuma movutika. Mnyamatayo adagwada, napereka mankhwala ndi manja awiri. Bambowo adayang'ana matuza a m'manja mwa mwana wawo, nati, "Wakula, mwana wanga." Usiku umenewo adagona tulo tabwino.

Mafunso

1. Kodi boma lidapatula nkhalango ya Nyika m'chaka chiti?
2. Nchifukwa chiyani amalume adawaza dothi m'mwamba?
3. Fotokozani chifukwa chake munthu amapuma movutika pamalo okwera.
4. Kodi mwambi wakuti "Pang'onopang'ono ndi mtolo" utanthauzanji?