Mbale Yanga ya pa Krisimasi

Ndifuna kukuuzani cimene cinandicitikira pa Krisimasi ya 2023, pakuti ndidziwa kuti ambiri a inu mukudwala nthenda imene ndinadwala ine.

Ndinakhala muno m'Johannesburg zaka zisanu ndi ziwiri osaponda kwathu ku Phalombe. Si kuti ndinaiwala kwathu ai. Koma caka ciri conse pofika December, poona anzanga alikumanga makatoni a zobvala, mabulangete ndi njinga, ine ndinkapisa dzanja m'thumba ndi kunena mumtima, "Caka ca mawa." Ndinkaopa kuti akandiseka, nadzati, "Taonani wa ku Joni wabwera manja lende."

M'mwezi wa March 2023 namondwe uja Freddy anakokolola minda ndi nyumba kwathuko, ndipo mu November ndalama ya Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, kotero kuti mitengo ya zinthu inakwera koposa. Pamenepo mlongo wanga anandiimbira lamya, nati, "Acimwene, amai akalamba. Bwerani ngakhale opanda kanthu." Ndinakwera basi ndi bulangete limodzi, shuga pang'ono ndi sopo. Tinapyola Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, tinaoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, ndi kulowa pa Mwanza. Njira yonseyo ndinali kukonza mau oti ndikadziwiringulire nao.

Tsikulo m'mawa tinapita kukapemphera. Pobwerako, mbumba yonse inasonkhana patsinde pa mtengo wa mango: atsibweni, azakhali, asuweni, alamu ndi adzukulu, tonse anthu oposa makumi atatu. Mbuzi imene tinkapha masiku akale panalibe, pakuti khola linapita ndi madzi. Panali nkhuku zitatu zocita kusonkherana, mpunga wocepa wa ana, nsima, nkhwani wotendera ndi thobwa. Amuna tinakhala pa mphasa, akazi ndi ana pakhonde, ndipo amai anagawa okha ndiwo.

Atatha kugawira onse, anadza kwa ine ndi mbale yacitsulo yakale, yosupuka utoto m'mbali, imene ndinkadyeramo ndiri mnyamata. Munali nchafu ya nkhuku ndi nthutumba, zimene kwathu apatsa mlendo wolemekezeka. Mlongo wanga anandinong'oneza, nati, "Krisimasi iri yonse amai amaika ndiwo m'mbale imeneyi, naibvundikira kufikira madzulo. Dzuwa likalowa, ndipo amapatsa mwana wanu." Abale, ndinalephera kumeza. Mwanayo ndinamsiya ali wa zaka ziwiri; tsiku lomwelo anali atandibisalira kumbuyo kwa amace, pondiyesa mlendo.

Atsibweni anaona nkhope yanga. Iwo anagwira nchito m'migodi ndi Wenela, nabwerera kumudzi pamene boma linaletsa kulemba anthu, itagwa ndege ija ku Francistown mu 1974. Anatsokomola, nati, "Mphwanga, ine ndinabwera ndi sutukesi, wailesi ndi njinga. Ziri kuti lero? Koma mng'ono wanga, amene anati adzabwera akadzalemera, manda ace sitiwadziwa. Mchona sayamba ndi kukana kwao. Ayamba ndi kunena kuti caka ca mawa."

Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsa za katundu. Bulangete lija amai anafunda usiku womwewo, ngakhale kunali kutentha. Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinakonzeka tsiku limodzi. Mwana wanga anandiitana "atate" patapita masiku asanu, ndipo zaka zimene ndinataya sizidzabweranso.

Cifukwa cace ndikupemphani, inu amene muli ndi ndalama ya ulendo ndi mapepala abwino, musalindire kulemera. Inu amene simungathe kupita caka cino, imbani lamya tsikulo, muchule maina a onse, kuyambira agogo kufikira khanda. Ndipo tikaturuka m'mapemphero, tisadye yense m'cipinda cace. Tisonkhe mpunga ndi nkhuku, tiitane ndi mnzathu uja amene wasiya kunena za kwao, pakuti kapena kwao kuli mbale yobvundikira imene irikumlindira iye.

Ndine wanu mwa Ambuye,
Mbale wa ku Phalombe