Za Kamkwiyo Koweta

M'Chingerezi muli mawu awiri amene andipatsa maganizo masiku ambiri, ndiwo "pet peeve". Loyambalo, "pet", ndilo chiweto chimene munthu sachiwetera ndiwo kapena malonda, koma kungochikonda, monga galu kapena chona. Lachiwirilo, "peeve", lidatuluka m'liwu lakale "peevish", lonena munthu wa mtima wapachala. Mawuwa adayamba kuyendera pamodzi m'dziko la America pakati pa 1910 ndi 1920, ndipo atanthauza kanthu kakang'ono kamene kawawitsa mtima wa munthu mmodzi, pamene anzake sakayesa kanthu. Sawanena pa maliro, pa njala kapena pa mlandu waukulu ayi, koma pa zonga kutafuna molira ndi kusiya chitseko pululu.

Poyamba ndinazizwa, ndinati, Kodi munthu angawete bwanji chinthu chomsautsa? Koma yankho ndinalipeza mumtima mwanga momwe.

Kanga ine ndiko kuchedwa kwa ana pasukulu. Chitsulo chikalira, maso anga ali kunjira, ndipo ndivomere pamaso panu kuti pena ndinkakondwa kupeza wochedwa, kuti mkwiyo wanga upeze chakudya. Tsiku lina m'mwezi wa February, mvula itagwa usiku wonse paphiri la Mulanje, mnyamata wina anafika dzuwa litakwera, zovala zili chonyowa. Sindinamfunse kanthu, ndinamdzudzula pamaso pa anzake, ndi kumuimika kunja. M'mawa mwake sanabwere, ndipo sabata yonse malo ake anali opanda munthu.

Tsono ndinapita kwawo. Amayi ake anandiyalira mphasa, nagwada, nati, "Aphunzitsi, tsiku lija Likhubula anadzala. Mwanayu anakhala patsidya kudikira kuti madzi aphwe, ndipo anaoloka atabereka mlongo wake. Tsopano akuti ali ndi manyazi." Ndinasowa mawu, pakuti amene anayenera kuyamikidwa ndiye ndinamlanga. Ndinapepesa kwa amayiwo ndi kwa mwana yemwe, ndipo Lolemba anabwerera.

Pamenepo ndinazindikira nzeru ya mawu aja. Kamkwiyo kotere sikakula kokha. Mwini wake ndiye akadyetsa tsiku ndi tsiku, nakatcha dzina labwino, monga mwambo kapena kukonda dongosolo. Ndipo galu wodyetsedwa chotero saluma mbala yokha, aluma ndi mlendo yemwe.

Sindinena kuti kuchedwa nkwabwino, pakuti kufikira lero ndiphunzitsa ana kusunga nthawi. Koma akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, chifukwa chake tsopano ndiyamba ndafunsa, "Wachedwa bwanji, mwana wanga?" Nanga inu, abale, kamene muweta m'nyumba mwanu nkotani? Kadziweni dzina lake, ndi kukamanga chingwe kasanalume munthu wosalakwa.