Ndani ankayenera kulamulira Narnia?

Pali mabuku amene umawakonda uli mwana, ukakula umawakondabe koma ukukangana nawo. Kwa ine ndi The Lion, the Witch and the Wardrobe la C.S. Lewis, lomwe linatuluka mu 1950, loyamba kusindikizidwa mwa mabuku 7 a Narnia.

Ana anayi, Peter, Susan, Edmund ndi Lucy, achotsedwa ku London pothawa mabomba a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kunyumba komwe akusungidwa, Lucy alowa m'kabati ya zovala n'kutulukira m'nkhalango ya dziko lina, kumene mfiti yaikazi yagwetsa chisanu chosatha.

Amene amandikoka ndi Edmund. Mfitiyo inangomupatsa switi zotchedwa Turkish Delight n'kumulonjeza ufumu, basi, iye n'kugulitsa abale ake. Komatu sanali chigawenga. Anali mwana wotopa ndi kudzudzulidwa ndi mkulu wake Peter. Ngati munakulira pansi pa achimwene olongolola, Edmund mumamudziwa. Kenako mkango Aslan afa m'malo mwake pa gome lamwala. Ngakhale utazindikira kuti iyi ndi nkhani ya Lachisanu Loyera yovekedwa ubweya, imakugwirabe pamtima. Susan ndi Lucy achezera pamtembo usiku wonse, ndipo mbandakucha mbewa zibwera kudzatafuna zingwe zomwe anamumangira. Inde, mbewa, zomwe ife timaziona ngati ndiwo.

Vuto langa lili pa mipando. Eni ake a Narnia anavutika ndi chisanucho zaka 100. Tumnus, uja wa miyendo ya mbuzi, anamangidwa n'kusandutsidwa mwala chifukwa chokana kupereka Lucy kwa mfiti. Bambo ndi mayi Beaver anasiya nyumba yawo usiku kuti apulumutse anawo. Koma nkhondo itatha, mipando inayi ya ku Cair Paravel inapita kwa ana a ku England amene anafika dzana lomweli, ati chifukwa ulosi unkafuna anthu. Palibe nyama inafunsapo kanthu. Zinangosangalala.

Mwana wa ku London mwina sangaone chachilendo pamenepa. Ine ndimakumbukira kuti chaka chomwe bukuli linkatuluka, dziko lathu linali Nyasaland, ndipo olamulira ochokera kutsidya kwa nyanja anakhalapo mpaka 1964. Sindikunena kuti Lewis ankaganiza za ife. Kungoti iye sanaone chodabwitsa m'nkhani yakuti eni dziko adikire mlendo kuti adzawalamulire.

Za atsikana n'chimodzimodzi. Father Christmas apatsa Susan uta ndi Lucy kampeni, koma awauza kuti kunkhondo si kwawo, chonsecho amene anatulukira Narnia ndi Lucy yemweyo.

Mphwanga akalifuna ndidzamupatsa bukuli, alire naye Aslan ngati mmene tinalirira ena tonse. Akadzamaliza ndidzangomufunsa funso limodzi: bwanji Tumnus sanakhale mfumu?