Mtima wa Mkungudza

Lamlungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, bamboyo safulumira kukwera minibasi yobwerera kumene amachita lendi. Amayenda pansi mpaka ku Durban Botanic Gardens, munda wa zomera umene unakhazikitsidwa mu 1849. Iye ndi kalipentala wochokera m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo wakhala mumzindawu zaka zoposa 20 akupala zitseko ndi makabati. Sabata yonse amagwira mitengo yakufa. Tsiku limodzi lokhali ndi limene amaonana ndi yamoyo.

Anadziwa kuwerenga thabwa asanadziwe kuwerenga buku. Atate ake anali wocheka mkungudza ku Chambe, ndipo ankatsika phiri atasenza matabwa pamutu. Madzulo ankamuitana, n'kumuonetsa mizere yozungulira pachitsa. "Mwanawe, apa mvula inagwa, apa kunali chilala. Munthu anganame, koma thabwa silinama."

Pakati pa khungwa ndi thupi la mtengo pali kachikopa kopyapyala, koterera, kamene akatswiri amati kambiyamu. Aliyense amene anasendapo luzi pa mombo anakakhudza. Kameneka ndi kamene kamabala thabwa: cham'kati kamayala timitsempha tokweza madzi kuchokera ku mizu, chakunja kamayala luzi lotsitsa chakudya chochokera m'masamba. Chakudyacho ndi shuga amene masamba amapanga ndi dzuwa, madzi ndi mpweya, kotero kuti pafupifupi theka la kulemera kwa thabwa louma ndi kaboni wotengedwa mumlengalenga. Chaka cha mvula yabwino chimasiya mzere waukulu, cha chilala chimasiya waung'ono. Timitsempha takale tikaleka kunyamula madzi, mtengo umatidzaza ndi mafuta ndi utomoni, ndipo pamenepo pamakhala mtima wa mtengo umene chiswe chimauopa. Fungo la mkungudza limachokera m'menemo.

N'chifukwa chake mtima umamuwawa akadutsa pa msika wa mankhwala azitsamba wa ku Warwick, pamene makungwa amaunjikidwa milumilu. Mtengo ukasendedwa kuzungulira thunthu lonse sufa lero lomwe. Masamba amakhalabe obiriwira kwa miyezi, pamene mizu ikufa ndi njala pansi. Mu Chizulu mawu akuti umuthi amatanthauza mtengo ndi mankhwala omwe. Chichewa nacho chili ndi mtengo womera ndi mtengo wogulira, mawu amene amasiyana pa kukweza ndi kutsitsa kwa liwu chabe. Bamboyo amadziwa kuti amayi ogulitsa makungwawo akusaka ndalama ya chakudya ndi fizi, monga ankachitira atate ake.

Mdani wina saoneka ndi komwe. Mu 2017, ku Pietermaritzburg kunapezeka kachikumbu kochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kotalika pafupifupi mamilimita 2. Kamaboola thunthu ngati kafumbwe, n'kudzalamo chuku chimene ana ake amadya. Chukucho chimatseka timitsempha ta madzi, ndipo mtengo umafa ndi ludzu mizu yake ili m'dothi lonyowa.

M'mundamo, pamene bamboyo amaima nthawi yaitali ndi pa chomera chooneka ngati kanjedza, chotchedwa Encephalartos woodii. John Medley Wood, amene ankayang'anira mundawu, anachipeza m'nkhalango ya oNgoye mu 1895. Chinali chachimuna, ndipo chachikazi sichinapezeke mpaka lero. Zonse zimene zilipo padziko lapansi ndi mphukira za tsinde limodzi lomwelo. M'tchire chinatheratu. Chimakula, chimatulutsa mungu, koma palibe njere.

Akachiyang'ana amakumbukira kwawo. Mkungudza wa ku Mulanje unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984. Moto wolusa unkapsereza mbande zake, nsabwe za mitengo zimene zinafika m'dzikomo mu 1986 zinkayamwa nthambi zake, ndipo macheka sanapume. Pofika mu 2017, owerenga anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonselo. Bamboyo anamva nkhaniyi ali kuno ku Durban, ndipo usiku umenewo tulo sanatione. Yunifolomu yake ya kusukulu, ngakhale ndalama ya basi imene inamufikitsa ku Joni, zonse zinachokera m'mitengo imene inasowayo. Sangawaweruze atate ake, komanso sanganene kuti iye sanadyeko.

Komabe mkungudza uli ndi mwayi umene chomera cha ku oNgoye chilibe, pakuti njere zake zilipo. Anthu a m'midzi yozungulira phirilo, mothandizana ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango, afesa ndi kudzala mbande zikwizikwi. Mlongo wake ndi mmodzi mwa amene amalambula udzu kuti moto usazifikire. Akamuimbira foni amati, "Achimwene, m'mera mpoyamba, tumizani ya machubu." Iye amatumiza, ngakhale akudziwa kuti mtengo umenewu umatenga zaka makumimakumi kuti ukhwime mtima, ndipo iye tsitsi layera kale.

Kunsi kwa bedi lake kuli kabokosi ka mkungudza kamene atate ake anakhoma, m'mene amasungamo pasipoti. Akakatsegula, fungo la ku Chambe limadzaza chipinda. Tsiku lina mwana wake wobadwira ku Durban, amene Chichewa amachimva koma amayankha mu Chizulu, anafunsa kuti mizere ya pachivindikirocho ndi ya chiyani. Bamboyo anamukhazika pansi, nagwira chala chake, n'kuyamba kuwerenga naye kuyambira pa mzere wam'kati.