KUCOKERA KWA NKOMESHYA KUKAFIKA KU MULLINGAR: ULENDO WA OIMBA

Mwezi wa October ukafika cakumapeto, dzuwa litang'amba nthaka ndipo mitsinje itatsala maiwe okha, anthu a kwa Nkomeshya m'boma la Chongwe amayang'ana kumwamba. Iyi ndiyo nyengo ya mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi, dzina limene tanthauzo lace ndi kukoka mitambo. Amfumu aakulu a Nkomeshya Mukamambo II, amene analowa ufumu mu 1971, amapempha mvula kwa makolo, amayatsa moto m'munda wa cifumu ndi kubzala mbeu zoyamba, ndipo pambuyo pace alimi ali ndi ufulu wakuyamba kubzala m'minda mwao.

Magulu a gule amene amasangalatsa anthu pa tsikulo amacokera kutali. Ena amakwera malole usiku, ng'oma zitakulungidwa m'masaka, ndipo akafika amasonkha moto wa udzu kuti aothetse zikopa mpaka mau a ng'oma atakwera. Ulendo wotere ali nao anthu a mitundu yambiri. Ku Ireland, cisumbu ca kumadzulo kwa Britain, oimba nyimbo za makolo amayenda comweco caka ndi caka m'mwezi wa August, kupita ku msonkhano wao waukulu wochedwa Fleadh Cheoil na hÉireann, ndiko kunena phwando la nyimbo la dziko la Ireland.

Gulu la kwa Nkomeshya litafuna kukaona phwandolo, ciyambi ca njira ciri pafupi, pakuti bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda liri m'boma lomweli la Chongwe. Munthu ali yense afunika pasipoti ndi viza. Palibe ndeke youluka kucokera ku Lusaka kukatera ku Dublin mwacindunji, motero aulendo amasintha ndeke panjira, monga ku Dubai kapena ku Doha. Kucokera ku Dublin sitima ya pamtunda imawatenga mtunda wa makilomita 80 kulowa kumadzulo, kupyola m'madambo obiriwira odzala ng'ombe ndi nkhosa, kufikira ku Mullingar, tauni ya m'boma la Westmeath. Ng'oma ya kwathu ikafika kumeneko imafooka mau cifukwa ca cinyontho, pakuti mvula imagwa miyezi yonse ya caka.

Ku Mullingar ndiko kunabadwira phwandoli mu 1951. Nthawi imeneyo nyimbo za makolo a Aairishi zinali pafupi kufa. Dziko lao linakhala zaka mazana ambiri pansi pa ulamuliro wa Angerezi, ndipo mbali yace yaikulu inapeza ufulu mu 1922. Njala yoopsa imene inayamba mu 1845, pamene matenda anaononga mbatata zao, inapha anthu pafupifupi 1,000,000, ndipo enanso ocuruka comweco anathawira ku maiko ena. Cinenero cao cinayamba kuzimirira pamaso pa Cingerezi. Acinyamata a m'matauni anayesa nyimbo za agogo ao ngati cizindikiro ca umphawi ndi ucimidzi.

Ena mwa othawawo ndiwo anasunga cuma cimeneci. A Francis O'Neill, amene anakhala mkulu wa apolisi mu mzinda wa Chicago ku America, anasonkhanitsa nyimbo kwa anzao ocokera kwao, ndipo mu 1903 anasindikiza buku la nyimbo 1,850. Koma buku lokha silikanatha kuphunzitsa mwana kagwiridwe ka citoliro. Cifukwa cace oimba a ku Dublin ndi a ku Mullingar anapangana mu 1951 kuyambitsa bungwe lochedwa Comhaltas Ceoltóirí Éireann, loti lidziphunzitsa ana ndi kukonza mipikisano. Pa phwando loyamba panafika anthu mazana owerengeka okha. Pamene linabwerera ku Mullingar mu 2022, anthu amene anafika pa sabata yonse anali ngati 500,000, m'tauni imene eni ace sakwana ngakhale 25,000. Phwandoli limasuntha: mu 2013 linali ku Derry, ndipo mu 2024 ndi 2025 linali ku Wexford.

Gulu silingodzuka ndi kupita ku mpikisano waukulu. Liyenera kupambana coyamba m'boma lao, kenaka m'cigawo cao, pakuti Ireland ali ndi zigawo zinai: Leinster, Munster, Connacht ndi Ulster. Aairishi okhala ku Britain ndi ku America ali nayo mipikisano yao-yao yosankhira oimba. Opikisana amagawidwa monga mwa misinkhu: ana osafika zaka 12, a zaka 12 mpaka 15, a zaka 15 mpaka 18, ndi akulu. Gulu loimbira gule, lochedwa céilí band, limakhala ndi anthu khumi. Ambiri a iwo ndi alimi, aphunzitsi, anamwino ndi ana a sukulu, amene amayeseza madzulo ataweruka ku nchito. Malo ogona amasowa msanga, kotero ena amagona m'matenti kapena kwa abale.

Zoimbira zao sizingamdabwitse kwambiri munthu wa ku Chongwe. Ali ndi ng'oma yaphanthi ya cikopa ca mbuzi yochedwa bodhrán, imene woimba amaigwira ndi dzanja limodzi ndi kuimenya ndi kamtengo. Ali ndi fiddle ya nsambo zinai, yokwecedwa ndi uta monga kaligo. Ali ndi zitoliro za mtengo ndi za citini, banjo ndi akodiyoni. Codabwitsa ndi uilleann pipes: woimba sauzira ndi pakamwa, koma amapanikiza mvukuto ndi cigongono monga wosula makasu, mpweya nulowa m'thumba la cikopa ndi kuturukira m'zitoliro. Zeze wao wamkulu amamlemekeza kotero kuti cithunzi cace ciri pa ndalama za dzikolo.

Mipikisano imacitikira m'maholo ndi m'masukulu, koma cimene alendo sachedwa kucichula akabwerera kwao ndi za m'miseu. Oimba osadziwana amakhala pansi mozungulira pakhomo pa sitolo kapena m'nyumba ya mowa. Mmodzi akayamba nyimbo, onse oidziwa amalowamo, wopanda wolipira kapena wolipidwa. Nkhalamba ya imvi imaimba pamodzi ndi mtsikana wa zaka khumi. M'sabata yomweyo mumakhala sukulu yochedwa Scoil Éigse, kumene akatswiri amaphunzitsa ana, makamaka mwa kumva ndi khutu ndi kutsanzira.

Oimba a Zambia anaiyendapo kale njira ya ku Ulaya. Mu 1988 gulu la Amayenge, limene a Chris Chali analiyambitsa ku Choma, ndi gulu la Shalawambe anafika ku Britain ndi kalindula, ndipo nyimbo zao zinajambulidwa ku wailesi ya BBC pa pologalamu ya a John Peel. Cimene cinakopa azungu ndico kuti nyimbozo zinamera pa magule a m'midzi. Bungwe la UNESCO linaika uilleann pipes pa mndandanda wa cuma ca miyambo ya anthu onse mu 2017, ndipo caka cotsatira, 2018, linaikapo gule wa Mooba wa Alenje, anansi a Asoli. Gule Wamkulu wa Acewa ali pa mndandanda womwewo.

Dziko la Nkomeshya liri pa ngozi yofanana ndi imene Aairishi anaiona. Lusaka, amene anakhala likulu mu 1935, anamangidwa m'dziko la Asoli, ndipo akukulabe kulowa kum'mawa motsata mseu wa Great East. Minda ikusanduka mapuloti. Ana ambiri akukula ndi Cinyanja ndi Cingerezi, Cisoli akucimva kwa agogo okha. Mitengo yosemera ng'oma ikupita ku makala. Nkhalamba yodziwa kusema, kukunga cikopa ndi kumata phula ikamwalira yopanda wophunzira, ng'oma yace imatsala yopacikidwa pa khoma.

Aairishi anayamba ndi zazing'ono: cipinda cimodzi, mphunzitsi mmodzi, madzulo amodzi pa sabata, ndi mpikisano wopatsa mwana cifukwa cakulimbikira. Zotere sizifuna ndeke kapena viza. Anyakwawa angathe kupatula tsiku loti akulu aphunzitse ana pabwalo. Masukulu angapikisane mudzi ndi mudzi m'miyezi ya cilimwe, opambana nakaonekera pamaso pa Amfumu pa Chakwela Makumbi. Ophunzira za uphunzitsi ku Chalimbana, amene ali m'boma lomweli, angalembe mau a nyimbo za Cisoli, ndipo mnyamata ali yense wokhala ndi foni angajambule agogo ace akali ndi mau. Ku Mullingar kunapita zaka 71 kucokera pa phwando la anthu mazana owerengeka kufikira pa la anthu 500,000, ndipo nchito yonseyo anaiyamba ndi anthu wamba.